Misomali ya mu Nsenjere

Panali munthu wina, mfunda wake Kwenda, amene anagwira ntchito pachigayo kuyambira ndevu zisanamere mpaka imvi zitamudzaza mutu. Chigayocho sichinali chake. Iye anali uja mumamupeza ataima pafupi ndi mota, ufa uli mbuu mpaka m'nsidze, akuthira chimanga cha eni ake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Chigayo chinamupatsa chinthu chimodzi, n'kumulanda china. Chimene chinamupatsa ndi chikondi cha mawaya. Mota ikakana kudzuka, amisiri ankabwera kudzaitsegula, iye n'kunjuta pambali pawo kumayang'ana. Posakhalitsa anayamba kuitsegula yekha. Kuchoka pamenepo analowerera m'mawailesi akufa, m'matochi, m'mawotchi a alamu, chilichonse chodya batire. Mwamuna aliyense ali ndi kamisala kake. Wina ndi bawo, wina ndi mpira, wina ndi botolo. Ka Kwenda kanali ka mawaya, ndipo sikankalakwira munthu.

Chimene chinamulanda ndi makutu. Sichinawatenge tsiku limodzi ayi. Chinkadya pang'onopang'ono ngati chiswe m'nsanamira, kunja kukuoneka bwinobwino. Mawu akuluakulu ankawamva: lole ikamadutsa, ng'oma ikamalira, munthu akamayankhula atamuyang'ana kumaso. Koma mawu aang'ono ndi opyapyala, a anapiye, a nyenje, a munthu woyankhulira m'chipinda china, anachoka osatsanzika. Tsoka lake n'loti chimene sukuchimva sudziwa kuti sukuchimva. Kwenda ankangoti anthu a masiku ano amameza mawu, ndipo mawailesi a masiku ano amawaikira masipika achabechabe.

Mkazi wake anali Nangondo, mayi wamfupi, wosachulutsa mawu. Iye za makutuzi ankazidziwa. Tsiku lina anayesapo kuzitchula, mwaulemu ndithu, kuti mwina akanapita kuchipatala akawaunike. Kwenda anaika kapu ya tiyi pansi.

"Ndiye mwayamba kunditcha gonthi m'nyumba mwanga momwe?"

Nangondo anaisiya nkhaniyo pomwepo. Anangophunzira kumugwira pamkono asanayambe kuyankhula, ndi kuyankhula atamuyang'ana. Pamaliro kapena kutchalitchi akalengeza kanthu, iye ankakabwereza panjira ngati kuti akungocheza. Akazi ambiri amaphimba manyazi a amuna awo motere, amunawo osadziwa n'komwe kuti aphimbidwa.

Kwenda atapuma ntchito, awiriwa ankakhala okha, ana atakula n'kupita kumakomo awo. Chuma chawo chinali ng'ombe ziwiri zamkaka, make ndi mwana wake wamkazi. Ng'ombe zotere sizipita kubusa. Zimakhala m'khola, udzu n'kumazipeza momwemo. Choncho kuseri kwa nyumba anadzala nsenjere munda wonse. Nangondo ankangotuluka ndi chikwanje, kudula mtolo, kuuduladula pachipika, n'kuthira m'chodyera.

Chaka china kunagwa mvula yamphepo imene inasasula denga la nyumba yawo. Malata, mitanda, misomali ndi mawaya omangira zinakagwera mu nsenjere muja. Zikuluzikulu anatola. Amisiri atabwera kudzakhoma denga lina, anazulira misomali yakale ndi kuwongolera malata m'mphepete mwa munda womwewo, ndipo mmisiri sawerama chifukwa cha msomali wopindika. Mvula inapitiriza, nsenjere inaphuka, masamba ouma anakwirira pansi, ndipo aliyense anaiwala.

Patapita miyezi, ng'ombe yaikulu ija inasiya kudya. Inkaima itapinda msana, ikubuula, mkaka n'kuuma. Anaimwetsa izi ndi izo, Nangondo akuisisita pakhosi ndi kuiyankhula ngati munthu, koma inafa. Poitumbula, mlangizi wa ziweto anapisa dzanja m'chifu n'kutulutsa msomali wa malata, wadzimbiri. Unali utaboola chifu mpaka kukafika kumtima.

"Ng'ombe si mbuzi, bambo," anatero mlangiziyo. "Mbuzi imasankha ndi milomo. Ng'ombe imangokoka ndi lilime n'kumeza, kutafuna imatafuna pambuyo. Msomali ukalowa mumtolo, walowa m'mimba. Yotsalayi musaipatsenso udzu wa m'munda umu mpaka mutatsimikiza kuti mulibe chitsulo."

Yotsalayo inali ndi bere, bere lake loyamba. Ikanafa imeneyo, khola likanatsekedwa, ndipo pamsinkhu wawo sakanalitsegulanso.

Kuyambira pamenepo Nangondo anayamba kukamweta udzu kudambo. Dambolo linali kuseri kwa chitunda, njira yake yamiyala, yoti njinga siyendamo. Kwenda anayesa kusenza nawo, koma fumbi la ufa linali litamusiyira chifuwa. Atafika pakati pa chitunda anakhala pansi, mpweya ukumuthawa. Mkazi wake anakatula mtolo wake kunyumba, n'kubwerera kudzasenza wa mwamuna. Zimenezi zinamuwawa Kwenda kuposa chifuwacho.

Tsiku ndi tsiku ankamuona akutsika chitunda, mtolo pamutu, khosi litalowa m'mapewa. Madzulo ankamuona akudzisisita yekha ndi mafuta, osadandaula.

"A Nangondo, bwanji tingoigulitsa ng'ombeyi? Mudzathyoka khosi chifukwa cha chiweto."

"Make anafera m'manja mwanga, a Kwenda. Iyi ndiilera mpaka ndione mwana wake."

Koma chilimwe chinkayandikira. Udzu wakudambo unkachepa, omweta n'kumachuluka. Ng'ombe inayamba kuonetsa nthiti. Nthawi yonseyi nsenjere ili chilili kuseri kwa nyumba, yobiriwira, yaitali kuposa munthu, popanda woikhudza.

Kwenda anayesa kukoka maginito a mu sipika pachingwe, kudutsa pakati pa matsinde. Koma maginito amagwira chimene akhudza basi. Cholowa pansi pa masamba kapena chokola m'kati mwa tsinde ankangochipitirira. Kenako anaona pafoni kanema wa munthu wina wa dziko lakutali akupanga makina ofufuzira zitsulo ndi zinthu zotolatola. Mawu a munthuyo sanawamve, komanso sanawasowe. Maso ake anali akuthwa, ndipo manja a mmisiri mnzake ankadziwa kuwatsatira. Anaonera mobwerezabwereza mpaka zonse zinakhazikika m'mutu. Mumtima anati, izi ndiye zanga.

Anakhala pakhonde ndi katoni yake ya mawailesi akufa. Waya wakopa, wopyapyala ngati ulusi, anaumasula mu mota ya fani yopsa. Anauzunguliza pa chivundikiro cha ndowa yapulasitiki, kuzunguliza ndi kuzunguliza, n'kuumata ndi phula kuti usasunthe. Imeneyo ndiyo koyilo, yoyenda pafupi ndi nthaka kununkhiza chitsulo. Mathiranzisita ndi tizipangizo tina anazula m'mawailesi, akuwotcherera ndi kachitsulo kotenthetsa pambaula. Chogwirira anadula nsungwi, osati paipi, ndipo zonse anamanga ndi zingwe za chubu, pakuti msomali umodzi wokha pafupi ndi koyilo ukanawaliritsa makinawo osalekeza. Pomaliza anaikapo kasipika ka mu wotchi ya alamu. Nzeru yake inali yapafupi. Koyilo ikadutsa pamwamba pa chitsulo, kasipika kalire. Chitsulo chikakhala chachikulu, kulira kwake n'kwakukulu. Chikakhala chaching'ono kapena chokwiririka, kulira kwake n'kwapansipansi, kopyapyala ngati kwa udzudzu.

Ntchitoyo inamudyera masabata. Zala zinapsa, msana unauma, mawaya ena anaduka atatsala pang'ono kumaliza, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Anzake odutsa pamsewu ankaima kumunyogodola.

"A Kwenda, mukapeza golide musatiiwale ife anzanu osauka."

Iye ankangokweza dzanja, theka la mawuwo osalimva. Ndipo ndikuuzeni zoona, munthuyu ankasangalala. Ngakhale nkhawa inalipo, waya ukagwirana bwino ankamwetulira yekha, chifukwa kamisala kake kaja kanali katapeza ntchito yeniyeni pakhomo.

Tsiku loyesa litafika, anagoneka khasu pabwalo n'kudutsitsa koyilo pamwamba pake. Makina analira, iye anamva, mtima n'kudumpha. Anayesa nkhwangwa, analiranso. Kenako anaponya msomali wa malata pafumbi n'kudutsitsa. Zii. Anadutsitsanso pang'onopang'ono. Zii.

Nangondo anali chapafupi akuduladula udzu wakudambo. Anasiya chikwanje, n'kubwera kudzamugwira pamkono.

"Akulira amenewo, a Kwenda."

"Akulira pati?"

"Mukamadutsa pamsomalipo. Akuti tswii, pang'ono chabe."

"Ndi anapiye amenewo mukumva."

"Anapiye ali kuseri ndi make. Tadutsitsaninso. Apo, aliranso."

Kwenda anayang'ana makina, n'kuyang'ana mkazi wake. Chimodzi mwa ziwiri chinali chofooka, makinawo kapena makutu ake. Iye anasankha chosapweteka.

"Makinawa ndapanga ndine. Akanalira, woyamba kumva ndikanakhala ine. Mukungofuna kundisangalatsa."

Nangondo anabwerera ku udzu wake.

Kwenda anawaphwasula makina aja. Anamasula koyilo yonse, ntchito ya masiku ambiri, n'kuzungulizanso ina. Anasintha mathiranzisita, anaika mabatire atsopano, akung'ung'udza ndi kuwakalipira makinawo kuti ndi aulesi. Makina osalakwa, kungoti alibe pakamwa podzikanira mlandu. Kenako anachotsa kasipika kaja n'kulumikiza mahedifoni akale, aja ophimba makutu onse awiri. Anati akufuna kuti mphepo isamamusokoneze. Koma chifukwa chenicheni inu ndi ine tikuchidziwa. Sankafuna kuti wina amvenso chimene iye sakumva.

Atavala mahedifoniwo anagunditsa msomali pa koyilo penipeni, ndipo kutali kwambiri, ngati pansi pa chitsime, anamva kakulira kochepa.

"Tsopano zatheka," anatero.

Sanafune kuganiza kuti m'munda msomali sudzanyamuka kudzagunda koyilo, kuti udzakhala pansi pa masamba kapena m'kati mwa tsinde, kumene kulira kwake kudzakhala kocheperapo.

Analowa mu nsenjere. Ankayenda pang'onopang'ono, akuyendetsa nsungwi uku ndi uku pakati pa matsinde, masamba akumucheka m'mikono, chifuwa chikumuimitsa pafupipafupi. Makina akalira moti amve, ankagwada n'kufukula. Anatulutsa zidutswa za malata, misomali ikuluikulu ya m'mitanda, loko wakale, ndi khasu lothyoka limene ngakhale iye sankalikumbukira. Anadzaza chitini. Atabwerezanso kuyendamo, munda wonse unali chete kuyambira kumtunda mpaka kumunsi.

Anabwera ndi chitini chija n'kuchikhuthula pamaso pa mkazi wake.

"A Nangondo, za kudambo zatha. Mawa mudule nsenjere. M'munda muja mulibenso chitsulo."

"Mwatsimikiza?"

"Ndayendamo, n'kubwerezanso. Muli zii."

Nangondo anayang'ana mulu wa zitsulo uja. Anaganiza kuti mwina zovala m'makutuzo zimamufikitsira mawu mpaka m'kati, kumene kasipika kankalephera kufika. Komanso anali atatopa, ndipo munthu wotopa sachedwa kukhulupirira nkhani yabwino. Anawomba m'manja kumuthokoza mwamuna wake. Nkhata yake yosenzera anaiponya padenga la khola.

Kwenda anakondwa, pakuti panali patapita nthawi yaitali asanathokozedwe chotero pakhomo pake. Komabe panali kanthu kankamuluma mumtima ngati kamwala mu nsapato. Iye anayesetsa kusakaganizira.

M'mawa mwake anakhala pakhonde akupukuta makina ake, mahedifoni ali m'khosi. Nangondo anatulukira kuseri kwa nyumba ndi mtolo wa nsenjere, wobiriwira, wamame. Anautula pafupi ndi khola n'kuyamba kuduladula pachipika, akuwolera m'dengu. Pakati pawo panali mtunda woti ukhoza kuponya chitsononkho n'kumugenda.

Kwenda anaona milomo ya mkazi wake ikuyenda. Anayesa kuti akuyankhula naye, koma maso a mayiyo anali pa udzu. Mutu unkagwedezeka, phazi likugunda pansi, mitsempha ya pakhosi itaima. Nangondo ankaimba. Sikunali kung'ung'udza kwa m'mphuno ayi. Ankaimba ndi kamwa lonse, kuimba kwa munthu amene watula katundu. Chikwanje pachipika Kwenda ankachimva, go, go, go. Koma nyimboyo sinamufike ngakhale liwu limodzi.

Manja ake anasiya kupukuta. Munda uja unali chete, inde. Koma apa mkazi wake nayenso anali chete, chonsecho akuimba mmene mawu ake angathere. Ngati nyimbo yonseyi ikuthera panjira, nanga kakulira ka msomali wogona pansi pa masamba kakanamufika bwanji? Anachita mantha, mantha enieni.

Nangondo ananyamula dengu. Ng'ombe inali itatulutsa kale mutu pakati pa mitengo ya khola, mphuno zikufwenthera fungo la udzu wauwisi, lilime likusakasaka.

Kwenda akanatha kungokhala. Mwina m'dengumo munalibe kanthu. Mwina mwezi ukanatha ng'ombe ikudya bwinobwino. Ndipo ikanadzafa, ndani akanamuloza chala? Anthu akanati msomaliwo inameza kale, nthawi imodzi ndi make. Koma kuyankhula kunali kuvomera, pamaso pa mkazi wake, dzina lija analikana zaka zonsezi. Kwa mwamuna wa imvi si chinthu chopepuka chimenecho, ndipo ine sindimuseka kuti anazengereza.

"A Nangondo, taimani."

Nangondo anaima, dengu lili pamilomo pa chodyera.

"Tatulani pansi. Muyale udzuwo pathumbapo."

Mayi uja anamuyang'ana modabwa, koma anachita monga anauzidwira. Kwenda anabwera ndi makina ake. Anavula mahedifoni m'khosi mwake, n'kumuveka mkazi wake pamwamba pa duku, akuwakonza ndi manja ake kuti akhale bwino pamakutu.

"Mvetserani inu. Ine ndiziyendetsa."

Anayamba kudutsitsa koyilo pamwamba pa udzu uja. Sankayang'ana udzuwo ayi, ankayang'ana nkhope ya mkazi wake. Anadutsa mbali imodzi, nkhope sinasinthe. Anadutsa pakati, sinasinthe. Atafika chakumapeto, nsidze za Nangondo zinakwera, dzanja lake n'kunyamuka.

"Tabwererani pang'ono. Apo."

Kwenda anagwada n'kuyamba kusanthula udzu ndi zala. Anatulutsa kachidutswa ka waya womangira denga, kadzimbiri, kopindika ngati mbedza, kosongoka mbali zonse ziwiri. Kumbuyo kwake ng'ombe inali ikutambasulabe khosi, ikufuna chakudya chake.

Anakhala pansi pafumbi pomwepo, kawaya kali m'manja.

"A Nangondo, ine makutu anatha."

"Ndikudziwa, a Kwenda."

"Ndikanaipha ng'ombeyi. Ndikanaipha ine, pogwiritsa ntchito manja anu."

Nangondo anakhala pansi moyang'anana naye, kuti mwamuna wake aone milomo yake.

"Simunaiphe. Wandiimitsa ndani? Ndinu. Ndipo makina anuwa musawanyoze, ndi abwino. Anali abwino ngakhale tsiku lija munawaphwasula."

Kwenda analira. Munthu wamkulu, pakati pa bwalo, dzuwa lili phwee, misozi inatsika mpaka m'ndevu. Sanalire chifukwa cha makutu okha. Analira chifukwa anayamba kudzifunsa kuti n'zingati zina zimene zakhala zikulira pakhomo pake zaka zonsezi, iye n'kumauza anthu kuti kwake kuli bata. Nangondo sanamuletse. Anangomugwira pamkono mpaka atatha.

Tsiku lomwelo analowa mu nsenjere onse awiri. Waya wa mahedifoni unali waufupi, choncho ankayenda moyandikana, phewa ndi phewa. Kwenda ankayendetsa nsungwi, Nangondo akumvetsera, dzanja lake lili pamsana pa mwamuna wake. Makina akalira ankamufinya, iye n'kugwada, kufukula. Odutsa pamsewu ankaima kuseka okalamba awiri omangidwa pa waya umodzi, ndipo nthawi zina eni akewo ankaseka nawo. M'munda umene Kwenda anati muli zii anatolamo timisomali ndi timawaya tochuluka kuposa zija anatola yekha. Ngakhale atamaliza, dengu lililonse linkayamba ladutsa pansi pa koyilo lisanafike m'chodyera, mwamuna akuyendetsa, mkazi akumvetsera. Ng'ombe ija inadya, nthiti zinabisika, ndipo inabereka mvula isanagwe.

Tsono inu amene mukundimvera, pali mawu ena amene timawakonda kwambiri. Timati, "Kwathu kuli zii, palibe wodandaula." Bambo amatero za banja lake, mphunzitsi amatero za ana ake, mkulu wa mpingo amatero za anthu ake. Mwina n'zoona. Koma mwina pali cholira, kungoti womvera anagontha kalekale, ndipo mwini makutu sangathe kudziwa yekha. Si mlandu kugontha, abale anga. Tonse ntchito ndi zaka zimatidya kwinakwake. Mlandu ndi kulamula kuti udzu uthiridwe m'chodyera chifukwa choti iwe sunamve kanthu. Musanalamule, vulani mahedifoni, mumuveke amene muli naye pafupi, ndipo mumuyang'ane kumaso. Akakuuzani kuti apa pakulira, musamukalipire, ndipo musaphwasule makina. Gwadani mufukule.